Chala Chikuyenda, Kamuvi Kali Chiimire

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, kupatula kwa okhawo amene analowa m'dongosolo lapadera lowonjezera nthawi. Tsikulo linadutsa mwakachetechete kuno ku Malawi, koma zotsatira zake sizingalephere kufika m'masitolo a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, pakuti Windows 11 imakana makina ambiri amene anapangidwa chaka cha 2018 chisanafike, ngakhale makinawo akadali ndi mphamvu zogwira ntchito zaka zina zambiri. Makina otere ndiwo amene maofesi a maiko olemera amachotsa, ndipo ndiwonso amene mnyamata kapena mtsikana wongolemba kumene mayeso a Fomu 4 angathe kuwafikira pamtengo. Laputopu ya kaunjika ndiyo laputopu yoyamba ya achinyamata ochuluka, ndi ya aphunzitsi awo omwe.

Njira yodziwika yotalikitsira moyo wa makina otere ndiyo kuikamo Linux, imene munthu salipira, ndiponso imene malamulo ake alola aliyense kuiwerenga, kuisintha ndi kuigawira anzake. Kawirikawiri zonse zimayenda bwino. Koma nthawi zina zimachitika kuti sikirini yawala, kiyibodi ikulemba, mau akutuluka, koma chala chikamasisita pa touchpad, kabwalo kaja kokhala m'munsi mwa kiyibodi, kamuvi ka pa sikirini kamangokhala chiimire ngati chitsa. Pena kamayenda modumphadumpha. Pena kamayenda bwinobwino m'mawa, koma laputopu ikangotsekedwa ndi kutsegulidwanso, basi kafa. Mankhwala ake aliyense amawadziwa: munthu amapita kumsika, nagula mausi ya waya, nailumikiza, naiwala. Pambuyo pake amauza anzake kuti Linux njovuta.

Chigamulo chimenechi n'chopupuluma, ndipo mausi ija, ngakhale ithandiza tsiku limenelo, imakwirira nkhani imene inayenera kumveka. Touchpad yakufa pa Linux imadzuka pokhapokha munthu amene ali ndi laputopuyo m'manja atafotokoza vutolo kwa amene angathe kulikonza, nakhalapobe mpaka atayesa mankhwala amene iwo amupatsa. Ntchito imeneyi siilira digiri. Wophunzira amene anatha kulemba lipoti la zimene anaona poyesa zinthu m'phunziro la sayansi angathe kuigwira, ndipo aphunzitsi achita bwino kuiphunzitsa.

Kuti nkhaniyi imveke, nkofunika kuyamba ndi chimene chimachitika chala chikakhudza kabwaloko. Pansi pa khungu lake losalala pali timizere tambiri tamagetsi topingasana ngati ulusi wa nsalu, ndipo chala cha munthu chikayandikira chimasintha pang'ono mphamvu ya magetsi pamalopo. Kachipangizo kena komatidwa kuseri kwa kabwaloko kamayesa kusinthako ndi kukusandutsa manambala: chala chili apa, chasendera uku, zala ndi ziwiri. Manambalawo amapita ku kernel, ndiye kuti phata la Linux, pulogalamu imene imaima pakati pa zitsulo za kompyuta ndi mapulogalamu ena onse. Amene anayamba phata limeneli ndi Linus Torvalds, ali wophunzira ku Helsinki m'chaka cha 1991, ndipo pofika 2025 linali litapitirira mizere 40 miliyoni. Gawo lalikulu la mizereyo ndi la timapulogalamu totchedwa madriver. Dzinali lisachititse munthu kuganiza za dalaivala wa basi. Ntchito ya driver ifanana kwambiri ndi ya womasulira pabwalo la milandu, amene amamva chinenero cha mboni ndi kuuza woweruza. Womasulira akasowa, kapena akamamva molakwa, mboni ingathe kulankhula tsiku lonse osaphulapo kanthu.

Tsono mboni zake n'zambiri, ndipo sizilankhula chinenero chimodzi. Makampani opanga zipangizozi, monga Synaptics ya ku America, Elan ya ku Taiwan ndi Alps ya ku Japan, kwa zaka zambiri anali ndi kalankhulidwe kakekake aliyense, ndipo si onse amene anafuna kukaulula. Njira yodutsa mauthengawo nayonso yakhala ikusintha. Yakale ndi ya PS/2, imene IBM inabweretsa mu 1987. Imeneyi inapangidwira mausi wamba, choncho njopapatiza, ndipo nkhani za zala zitatu kapena zinayi zimachita kupanikizidwamo. Yatsopano imadzera pa mawaya awiri otchedwa I2C, amene kampani ya Philips inayambitsa mu 1982. Mu 2012 Microsoft inalemba malamulo a m'mene zipangizo zotere ziyenera kulankhulira panjirayi, ndipo driver wa Linux womva malamulowo, wolembedwa ndi Benjamin Tissoires, analowa mu kernel ya 3.8 m'chaka cha 2013. Pamwamba pa kernel palinso pulogalamu ina yotchedwa libinput, imene Peter Hutterer wakhala akuiyang'anira, ndipo imeneyo ndiyo imaweruza ngati chimene chakhudza kabwaloko chili chala kapena chikhatho cha munthu amene akulemba. Wowerenga aona kuti uthenga umodzi umadutsa m'manja angapo usanasunthe kamuvi, ndipo ungathe kugwera pena paliponse.

Nanga ukagwa, wolakwa ndani? Kawirikawiri mlandu umayambira kufakitale. Makampani ambiri opanga malaputopu amayesa makina awo ndi Windows basi. Chinthu chikagwira pa Windows chimalongedwa m'katoni, ngakhale chitaphwanya malamulo olembedwa, pakuti cholakwikacho amachiphimba ndi driver wawo wa Windows, amene zam'kati mwake sauza munthu. Chizolowezi chimenechi chinazika mizu kotero kuti Linux inachita kuphunzira kubisa dzina. M'laputopu iliyonse muli pulogalamu yoikidwa kufakitale, imene anthu amaitchula kuti BIOS, ndipo imeneyi imatha kufunsa phata limene ladzuka kuti, kodi ndiwe Linux, kapena ndiwe Windows ya chaka chakuti? Kale Linux inkavomera dzina lake, koma zinaoneka kuti yankho loona limeneli linkalowetsa makina m'tinjira timene palibe anatiyesapo. Chotero kuyambira 2007 kernel ikafunsidwa ngati ili Linux imakana, ndipo ikafunsidwa ngati ili Windows imavomera. Mlendo amayankhira dzina la mwana wa pakhomo kuti apatsidwe madzi akumwa. N'zoseketsa, koma zisonyeza poyera amene amaganiziridwa makinawa akamapangidwa.

Zitsanzo zitatu zithandiza. Mu 2013 Lenovo inatulutsa ThinkPad T440 pamodzi ndi anzake monga X240 ndi T540p. Makinawa analibe mabatani apadera pafupi ndi touchpad. Kabwalo konse kankadinika, ndipo mbali zina za kabwaloko ndizo zinkaimira mabatani. Kuti pulogalamu idziwe pamene batani la kumanzere lathera ndi pamene la kumanja layambira, iyenera kudziwa malire a kabwaloko. Koma zipangizo zambiri za m'makinawa zinkanena malire olakwika, monga wogulitsa munda amene akuloza mitengo yosakhala yake. Mankhwala amene anapezeka mu 2014, mwa khama la Tissoires yemwe uja ndi Hans de Goede wa ku Netherlands, anali mndandanda woikidwa mu kernel, wotchula mtundu wa makina ndi manambala enieni oyesedwa pa makinawo, kuti kernel izinyalanyaza bodza la chipangizo ndi kukhulupirira mndandandawo.

Chitsanzo chachiwiri n'chodabwitsa koposa. Malamulo a Microsoft aja amati touchpad ikafunsidwa iyenera kudzifotokoza, kunena kuti mauthenga ake adzabwera otalika motani ndipo nambala iliyonse itanthauza chiyani. Koma panali touchpad ina, SIPODEV SP1064, yopezeka m'malaputopu otsika mtengo monga Teclast F7, Trekstor Primebook C13 ndi Mediacom Flexbook Edge 11, imene ikafunsidwa sinkadzifotokoza konse. Pa Windows panali kapulogalamu kobisalira pakati, kamene kankayankha m'malo mwake. Pa Linux chipangizocho chinali bubu. Mu 2018 wolemba mapulogalamu wina anamvetsera mauthenga amene kapulogalamu kobisala kaja kankatumiza, nawalemba onse, nawaika mu kernel pamodzi ndi maina a malaputopu amene amafuna thandizo limeneli. Mndandandawo unayamba ndi maina owerengeka. M'zaka zotsatira unatalika, pakuti chipangizo chomwecho chinkagulitsidwa m'makina a maina osiyanasiyana, ndipo dzina lililonse latsopano linkalowa munthu wina atadandaula nayesa.

Chachitatu chisonyeza kuti Linux nayo siikhala yosalakwa nthawi zonse. Mu 2020 ogula malaputopu ena a Lenovo Legion 5 okhala ndi purosesa ya AMD anapeza kuti touchpad sikugwira bwino. Pa njira ya I2C chipangizo chikakhala ndi uthenga chimaliza belu pa waya wapadera, kuti purosesa ibwere kudzatenga. Pa wayayo pali kasefa kamene kanapangidwira mabatani wamba, pakuti batani likadinidwa zitsulo zake zimagundana kangapo, ndipo kasefako kamanyalanyaza kulira kobwerezabwereza kwa kanthawi. BIOS ya makinawa inaika kanthawiko pa mamilisekondi 124.8, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a sekondi, ndipo driver wa Linux woyang'anira mawaya a AMD ankasiya kasefako kakugwira ntchito pamene sikanayenera kutero. Zotsatira zake, kernel inkalandira mauthenga 7 okha pa sekondi kuchokera ku chipangizo chimene chimayenera kutumiza 100 kapena kuposerapo. Vuto silinali m'driver wa touchpad konse, koma m'nyumba yoyandikana nayo. Zinatenga miyezi kuti gwero lake lipezeke. Zigamba zake, ndiye kuti mizere yokonzera pamene panalakwika, zinalembedwa chakumapeto kwa 2020, ndipo kernel zotuluka kumayambiriro kwa 2021 zinali nazo.

Munthu amene angatsegule mafailo a kernel okhudza kiyibodi ndi touchpad adzapezamo mindandanda yambiri yotere. Umodzi, wa makina amene njira yawo ya PS/2 ili ndi khalidwe lachilendo, uli ndi maina oposa 100: Acer yakuti imafuna kudzutsidwa motere, Fujitsu yakuti isafunsidwe funso lakuti. Poyamba mindandandayi imaoneka ngati chinthu chochititsa manyazi, nsalu yodzala ndi zigamba. Koma pafupifupi mzere uliwonse ukuimira munthu wina amene laputopu yake inakana, iye osakhala chete. Oyang'anira kernel sangagule laputopu iliyonse imene yapangidwa padziko, ndipo vuto limene sanalione sangalilote. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsono tanthauzo lake n'lakuti makina amene eni ake sadandaula salowa m'mndandanda, ndipo amakhala osakonzedwa mpaka atatayidwa. Ngati mtundu wina wa laputopu umagulitsidwa kwambiri m'misika ya kuno kusiyana ndi ya ku Germany, ndiye kuti amene angaudandaulire ali kuno.

Pamenepa pali langizo la kumsika loyenera kulitchula podutsa. Malaputopu akale a m'maofesi, monga ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook, kawirikawiri savuta pa Linux, chifukwa anadutsa m'manja mwa anthu ambiri odziwa kudandaula, ndipo zovuta zake zinakonzedwa kalekale. Imene imakonda kuvuta ndi laputopu yatsopano yonyezimira, yotsika mtengo, ya dzina losadziwika. Wogula wanzeru amanyamula fulashi yokhala ndi Linux, napempha mwini sitolo kuti ayatsire makinawo pa fulashiyo asanalipire, pakuti Linux imatha kuyenda motero popanda kufufuta kalikonse m'kati.

Pali chinthu china chimene chimafanana ndi mausi ya kumsika ija, ngakhale chimaoneka chaukatswiri. Munthu akafufuza pa intaneti amapeza mau ena oti awonjezere poyatsa kompyuta, monga i8042.nomux kapena i8042.reset, ndipo nthawi zina touchpad imadzukadi. Iye amakondwa, nauza mnzake, nkhani n'kuthera pomwepo. Komatu mau amenewa sali mankhwala. Ali ngati chida cha sing'anga chopimira matenda. Akagwira ntchito, ndiye kuti munthuyo wapeza dzina la matenda a laputopu yake, ndipo chotsala ndi mzere umodzi m'mndandanda uja kuti aliyense wokhala ndi makina a mtunduwo asadzavutikenso. Kernel yeniyeniyo imapempha zimenezi. Pa malaputopu ena okhala ndi touchpad ya Synaptics imalemba m'kaundula wake kuti chipangizochi chingathe kulankhula panjira ina yabwinopo, nipempha mwini makina kuti ayese mau akuti psmouse.synaptics_intertouch=1 ndi kudziwitsa oyang'anira zimene waona. Pempholi lakhala likulembedwa m'makina osawerengeka, tsiku ndi tsiku, kwa anthu amene sanatsegulepo kaundulayo.

Kodi kufotokoza bwino vuto n'kutani? Poyamba munthu achotse zinthu zopepuka, pakuti malaputopu ambiri ali ndi batani lozimitsira touchpad, ndipo ena ali ndi posankha mu BIOS momwemo; kulembera akatswiri za touchpad imene inangozimitsidwa n'kudzichotsera ulemu. Kenaka ayese kernel yatsopano, chifukwa mwina chigamba chinalowa kale. Vuto likapitirira, aone ngati kernel ikuiona n'komwe touchpad, powerenga failo ya /proc/bus/input/devices. Ngati dzina lake mulibe, mlandu uli pansi, pakati pa BIOS ndi kernel. Ngati yalembedwa monga mausi wamba ya PS/2, ndiye kuti womasulira woyenera sanaizindikire, ndipo n'chifukwa chake kamuvi kamayenda koma zala ziwiri sizimveka. Ngati ilimo ndi dzina lake lenileni, kapulogalamu ka evtest kadzasonyeza manambala akutsika pa sikirini chala chikamayenda, ndipo manambalawo akakhala abwino ndiye kuti mlandu uli pamwamba, kwa libinput. Lamulo la dmesg limatulutsa kaundula wa kernel uja, ndipo la dmidecode limatulutsa dzina lenileni la makina monga linalembedwa m'kati, limene ndilo lofunika pa mndandanda, osati dzina la pa katoni. Zonsezi zimakwana m'kalata imodzi yonena chimene munthu anachita, chimene anayembekeza ndi chimene chinachitika.

Pali mau amodzi amene amachititsa oyang'anira kernel kudzuka msanga, ndiwo akuti: kale inkagwira. Torvalds wakhala akuumirira lamulo lakuti kernel yatsopano isaononge chimene chinkagwira pa yakale, ndipo chigamba chimene chachita zotero chimakonzedwa kapena kuchotsedwa. Koma pakati pa kernel imodzi ndi yotsatira pamalowa zigamba zoposa 10,000. Cholakwacho chingapezeke bwanji? Apa mphunzitsi wa masamu ali ndi chitsanzo chokoma. Chida chotchedwa git, chimene Torvalds analemba mu 2005, chimadula mulu wa zigambawo pakati. Munthu amayesa kernel yokhala ndi theka loyamba lokha, nanena ngati touchpad ikugwira kapena ayi; chidacho chimadulanso pakati theka limene muli cholakwacho, ndipo zimapitirira chomwecho. Popeza 2 akachulukitsidwa ndi mwini wake maulendo 14 amakwana 16,384, ndiye kuti kuyesa 14 kokha kumakwanira kuloza chigamba chimodzi pakati pa zikwi zonsezo. Ntchitoyi njotopetsa koma siyovuta, ndipo amene angaigwire ndi yekhayo amene ali ndi laputopu yodwalayo.

Kalata ikafika kwa oyenera, amene maina awo alembedwa m'failo ya kernel yotchedwa MAINTAINERS, mmodzi wa iwo kapena wina aliyense wodziwa amalemba chigamba napempha wodandaulayo kuti achiyese. Apa ndi pamene ambiri amathawira. Amadandaula kamodzi, osabweranso, ndipo chigamba chosayesedwa chimangokhala, pakuti woyang'anira wosamala safuna kuika mu kernel chinthu chimene palibe wachitsimikizira. Amene wapirira nayankha kuti chagwira, dzina lake limalembedwa pansi pa chigambacho monga wodziwitsa ndi woyesa, ndipo limakhala m'mbiri ya kernel mpaka kalekale. Chigambacho chimadutsa kwa woyang'anira gawolo, monga Dmitry Torokhov amene wayang'anira za kiyibodi, mausi ndi touchpad kwa zaka zambiri, n'kukafika kwa Torvalds. Kernel yatsopano imatuluka pakatha masabata 9 kapena 10 aliwonse. Zigamba zokonza zolakwika amazitenganso Greg Kroah-Hartman ndi anzake n'kuziika mu kernel zakale zimene zikusamalidwabe, ndipo kuchokera kumeneko zimafika kwa ogwiritsa ntchito Debian, Fedora, Mint kapena Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004 naitcha dzina lachibale ndi mau akuti umunthu.

Wowerenga wina adzati zonsezi n'zokoma pa pepala, koma wolankhula zotere waiwala mtengo wa bandulo ndi kuthima kwa magetsi. Dandaulo limeneli n'lomveka ndipo siliyenera kupeputsidwa. Zolemba za kernel, ngakhale zitapanikizidwa, zimaposa 100 MB, ndipo mbiri yake yonse imene git imafuna njokulirapo kwambiri. Kumanga kernel pa laputopu yakale kungatenge maola, ndipo magetsi akathima pakati ntchito imaima. Si aliyense angathe kuchita maulendo 14 aja. Koma kalata yoyamba ija, yokhala ndi kaundula ndi dzina la makina, njopepuka kusiyana ndi chithunzi chimodzi chotumizidwa pa WhatsApp. Ndiponso ena mwa ogawa Linux amamanga okha kernel zoti anthu ayesere, kotero kuti munthu safunika kumanga yekha nthawi zonse. Sukulu kapena koleji imene ili ndi intaneti ingathe kukopera zolembazo kamodzi, ophunzira n'kumagawana pa fulashi.

Wina adzaopa Chingerezi ndi ukali wa akatswiri. Nzoona kuti anthu a kernel anatchuka ndi kulankhula mokhadzula, mpaka Torvalds mwini wake anapepesa poyera mu Seputembala 2018, ndipo m'mwezi womwewo anakhazikitsa malamulo a khalidwe. Nzoonanso kuti makalata ena sayankhidwa, chifukwa oyang'anira ndi ochepa ndipo ntchito njambiri. Munthu ayenera kukumbutsa mwaulemu pakapita sabata kapena awiri. Koma ambiri mwa akatswiriwo Chingerezi si chinenero cha makolo awo. Ndi anthu a ku Finland, ku Russia, ku France, ku China, ndipo chimene amayang'ana m'kalata ndi manambala olondola, osati mau okuluwika. Kalata ya Chingerezi chosweka yokhala ndi kaundula wathunthu imalandiridwa bwino kuposa ya Chingerezi chosalala yongoti touchpad yanga sikugwira, thandizeni.

Funso lolemera koposa ndi ili: chifukwa chiyani mwana wa mlimi wa ku Dedza agwirire ntchito yaulere kampani yolemera imene inagulitsa chinthu chosayesedwa? Udindo woyamba ulidi pa makampaniwo, ndipo ena anayamba kuusenza. Dell inayamba kugulitsa XPS 13 yokhala ndi Ubuntu mu 2012, ndipo mu 2020 Lenovo inalengeza kuti iziyesa ndi kutsimikizira makina ake ena a ntchito zolemera pa Linux. Ndiponso ambiri mwa anthu pafupifupi 2,000 amene amathandiza pa kernel iliyonse yatsopano ndi olembedwa ntchito ndi makampani monga Intel, Google, AMD ndi Red Hat. Koma makina otsimikiziridwawo ndi a mtengo wapatali, ndipo laputopu yotsika mtengo ilibe munthu wolipidwa kuti aiganizire. Kudikira kuti kampani imene inaipanga idzakumbuke makina a zaka zisanu zapitazo n'kudikira mvula m'mwezi wa Ogasiti. Kuonjezera apo, chilolezo cha GPL chimene kernel inatenga mu 1992 chimaletsa aliyense kutsekera chigambacho m'kabati yake; wogawa kernel yosinthidwa ayenera kuperekanso zolemba zake. Thukuta la mwana wa ku Dedza silisanduka chuma cha kampani imodzi. Ndipo iye mwini satuluka chimanjamanja, chifukwa wachinyamata wofuna ntchito ya makompyuta amene angathe kusonyeza dzina lake pansi pa chigamba cha kernel ali ndi umboni umene aliyense padziko angautsimikize.

Aphunzitsi a phunziro la makompyuta, makamaka m'sukulu zimene zinalandira makina a mitundu yosiyanasiyana kuchokera kwa akufuna kwabwino, ali ndi mwayi umene ambiri sauona. Laputopu imene touchpad yake yakana kawirikawiri imaikidwa pakona, kapena imapatsidwa mausi. Ikanayenera kuikidwa patebulo la kutsogolo. Pa makina amodzi amenewo kalasi ingaphunzire kusiyana kwa chitsulo, BIOS, kernel ndi mapulogalamu a pamwamba, zinthu zimene m'buku zimangokhala mabokosi ojambulidwa oti aloweze. Ingaphunzire kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi ndi kulemba chimene chachitika. Mphunzitsi wa Chingerezi, amene chaka ndi chaka amalembetsa makalata opita kwa mabwana ongopeka, angathandize kulemba kalata imene munthu weniweni wa kutsidya kwa nyanja adzawerenga nayankha.

Pofunika kusamala mpakuti zoyesazi zisachitikire pa makina amene amasunga malikisi a ophunzira kapena ndalama za sukulu, ndipo kernel yakale isafufutidwe poika yoyesera, kuti zikavuta munthu abwerere kumene anachokera. Zotuluka mu dmidecode zimakhala ndi nambala yapadera ya makinawo, imene nkwabwino kuichotsa kalata isanatumizidwe, popeza makalata otere amawerengedwa ndi aliyense. Sukulu isungenso kabuku kolembamo dzina la laputopu iliyonse, nambala ya kernel imene ilimo, chimene chikugwira ndi chimene chakana, pamodzi ndi mau alionse amene anawonjezedwa poyatsa. Kernel yatsopano ikafika, wophunzira mmodzi achotse mau owonjezera aja, ayatsenso makinawo, asisite kabwaloko, ndipo alembe m'kabukumo ngati kamuvi kayenda.